Kukwera Phiri la Senga Mwendo Utapola

Kodi mudaonapo munthu amene adathyoka mwendo kapena mkono, namuika chikhakha kuchipatala? Tsiku lochotsa chikhakhacho limakhala lachimwemwe. Achibale amati, "Wachira!" ndipo mwini wake amaganiza kuti mawa lomwe ayamba kuthamanga monga kale. Koma akangoponda pansi amadabwa. Mwendo uja wachepa, ukunjenjemera, ndipo ukukana kusenza thupi. Fupa lalumikizana, koma mphamvu sizidabwerere. M'phunziro lino tiona mmene mphamvuzo zimabwererera. Chitsanzo chathu tichitenga ku Senga Bay, m'boma la Salima, kumene kuli phiri loyesa miyendo ya anthu.

Phiri la Senga

Senga Bay ndi malo a m'mphepete mwa Nyanja ya Malawi, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20 kuvuma kwa tauni ya Salima. Anthu ambiri a kumeneko ndi asodzi. Usiku nyali za m'mabwato zimaoneka ngati mudzi woyandama pamadzi, ndipo kukacha usipa umayanikidwa pa mathandala m'mbali mwa gombe. Dera lalikulu la Salima ndi lachigwa, koma pafupi ndi nyanja pali mapiri a miyala ikuluikulu otchedwa mapiri a Senga. Mapiriwa ndi nkhalango yotetezedwa ndi boma.

Phiri la Senga si lalitali ngati la Mulanje, limene nsonga yake, Sapitwa, ili pa mamita 3,002 kuchokera pa nyanja yamchere. Munthu wamphamvu angathe kukwera la Senga m'mawa nabwera kudzadya nsima ya masana kunyumba. Komabe si phiri lolipeputsa. Njira zake ndi zachikweza, zodzaza ndi miyala yogubuduka, ndipo pena munthu amachita kugwira thanthwe ndi manja kuti akwere. Kunyanja kumatenthanso kwambiri chifukwa ndi kotsika. Madzi a Nyanja ya Malawi ali pa mamita pafupifupi 475 okha kuchokera pa nyanja yamchere, pamene mzinda wa Lilongwe uli pa mamita opitirira 1,000.

Tsono tiyerekeze kuti mnyamata wina wa zaka 12, wa m'mudzi wa patsinde pa phirili, adagwa mumtengo wa mango m'mwezi wa Disembala nathyoka fupa la msongolo. Asadavulale ankakwera phirili kawirikawiri ndi anzake. Ali chigonere pamphasa, tsiku lililonse ankayang'ana nsonga yake nalakalaka kukafikanso. Tiyeni timutsate kuchokera pamphasa kufikira pamwamba pa phiri.

Mmene fupa limapolera

Thupi la munthu wamkulu lili ndi mafupa 206. Ambiri amaganiza kuti fupa ndi chinthu chouma ngati chikuni, koma si choncho. Fupa ndi lamoyo. M'kati mwake mumayenda magazi, ndipo likathyoka limadzimanga lokha.

Choyamba, magazi amaundana pothyokapo. Pakapita masiku angapo pamamera chomangira chofewa, chonga chija mumachimva mukakhudza kunsonga kwa mphuno yanu. Chomangiracho chimalumikiza mbali ziwiri za fupa, ndipo pang'onopang'ono chimauma ndi kusanduka fupa lenileni. Kwa ana ntchito imeneyi imafulumira. Kwa akulu imatenga masabata 6 mpaka 12, pena kupitirira apo.

Ntchito ya achipatala ndi kuwongola fupa kuti mbali zake ziyang'anane bwino, ndi kulimanga m'chikhakha kuti lisagwedezeke. Kuti aone mmene lathyokera amalijambula ndi makina a X-ray. Kuwala kwa makina amenewa adakutulukira ndi katswiri wa ku Germany, Wilhelm Röntgen, m'chaka cha 1895. Kuno kwathu, kuyambira m'chaka cha 1985, dziko lakhala likuphunzitsa achipatala apadera oona za mafupa, amene amagwira ntchito m'zipatala za m'maboma. N'chifukwa chake munthu akathyoka ayenera kuthamangira naye kuchipatala msanga. Fupa lomangidwa molakwika kumudzi limapola chokhota, ndipo mwini wake angatsimphine moyo wake wonse.

Fupa likamapola limafuna zomangira, monga mmene mmisiri amafunira njerwa ndi mchenga. Zomangirazo zimachokera m'zakudya. Anthu a kunyanja ali ndi mwayi, pakuti usipa ndi matemba timadya ndi minga yomwe, ndipo mumingamo muli mchere wotchedwa kashiamu umene umalimbitsa mafupa. Mkaka, mazira, nyemba, mtedza ndi ndiwo zamasamba monga bonongwe ndi chisoso zimathandizanso. Dzuwa nalonso ndi mankhwala: likaomba pakhungu, thupi limapanga vitamini D, amene amathandiza kuti kashiamu alowe m'mafupa.

Chifukwa chake mwendo umafooka

Mnyamata uja adamuchotsa chikhakha m'mwezi wa Febuluwale. Atayerekeza miyendo yake iwiri adaona kuti katumba wa mwendo wovulala waphwa ngati chikwama chopanda kanthu. Adachita mantha, koma zimenezi zimachitikira aliyense.

Mafupa sayenda okha. Amakokedwa ndi minofu, ndipo m'thupi mwathu muli minofu yopitirira 600. Minofu ili ngati khasu. Khasu logwira ntchito limawala, koma losungidwa kuseri kwa nkhokwe limachita dzimbiri. Mwendo ukakhala m'chikhakha masabata ambiri, minofu yake imachepa ndi kufooka. Bondo ndi kakolo zimauma, osapindika bwino. Phazi nalo limaiwala ntchito yake yozindikira ngati pansi pali potsetsereka kapena pokwera, motero munthu amadzandira msanga. Ngakhale mtima ndi mapapo zimazolowera ulesi, kotero kuti kamtunda kakang'ono kamamuchititsa munthu wefuwefu.

Apa ndi pamene pali ngozi. Munthu akathamanga kapena kudumpha mwendo uli chomwechi, minofu imalephera kumugwira. Amagwa, nabinya kakolo kapena kuthyokanso pomwe paja, ndipo ulendo wachiwiri kuchira kwake kumakhala kwa nthawi yaitali.

Kubweza mphamvu

Mankhwala a minofu yofooka ndi ntchito, koma ntchito yoyamba pang'ono ndi kumaonjezeka sabata ndi sabata. Kuchipatala kuli anthu amene adaphunzira ntchito yothandiza ovulala kuyendanso. Ku Blantyre kuli chipatala cha Kachere chimene ntchito yake ndi imeneyi. Mnyamata wathu adalangizidwa ndi a kuchipatala cha m'boma, ndipo amalume ake, amene adali msodzi, ndiwo adaonetsetsa kuti malangizowo akutsatidwa.

Masabata oyamba ankangopinda ndi kuwongola bondo ndi kakolo atakhala pansi, nayenda ndi ndodo kuzungulira nyumba. Kenaka adataya ndodo nayamba kuyenda mumsewu wosalala, lero kufika pachitsime, sabata yamawa kufika pamsika. Pambuyo pake adayamba kuyenda mumchenga wa pagombe. Mchenga umathawa phazi likaponda, choncho minofu imagwira ntchito yaikulu kuposa pa nthaka youma. Ankayesanso kuimirira ndi mwendo umodzi, atagwira mtengo, kuti phazi likumbukire ntchito yake.

Masiku ena amalume ake ankamuyendetsa m'madzi ofika m'chiuno. Madzi amapeputsa thupi, motero mwendo umagwira ntchito osasenza katundu wolemera. Koma mwana asalowe m'nyanja yekha. Munthu wamkulu ndiye adziwa malo amene kumapezeka ng'ona ndi mvuu, ndiponso malo a bango ndi madzi odikha kumene kumakhala nkhono zofalitsa likodzo.

Pomaliza, m'mwezi wa Meyi, achipatala atamulola, adayamba kukwera timitunda ta patsinde pa phiri.

Kutopa ndi ululu wochenjeza

Tsiku lina m'mwezi wa Juni awiriwa adayesa kukwera phiri lenilenilo. Atafika pakatikati, amalume adaona kuti mnyamata wayamba kutsimphina.

"Kodi mwendowo ukutani, mwanawe?" adafunsa.

"Palibe kanthu, amalume. Tiyeni tizipita, pamwamba ndi apa."

"Ima kaye. Loza pamene pakupweteka."

Mnyamata adaloza pamsongolo, pomwe padathyoka paja. Amalume sadanenenso zambiri. "Tibwerere. Phiri silisamuka, tidzalipeza."

Mnyamata adatsika misozi ili m'maso, koma amalume adachita mwanzeru. Pali kusiyana pakati pa kutopa ndi ululu wochenjeza. Kutopa kumamveka m'minofu ya miyendo yonse iwiri, ndipo munthu akapuma kumatha. Ululu wochenjeza umabaya pamalo amodzi, makamaka pamene padavulala. Umakula munthu akamapitiriza kuyenda, umamutsimphinitsa, ndipo pena pamalopo pamatupa. Kutopa ndi chizindikiro chakuti minofu ikuphunzira. Ululu wobaya ndi thupi likunena kuti, "Leka!" Amene amva ululu wotere aime, abwerere, ndipo ukapanda kutha apite kuchipatala. Mnyamata uja adapumula masiku angapo, achipatala adamuona napeza kuti fupa lili bwino, ndipo adabwereranso ku timitunda take kwa masabata ena anayi.

Kukonzekera ulendo

Ulendo wa kuphiri umayamba dzulo lake. Choyamba ndi kusankha nyengo. Miyezi ya Okutobala ndi Novembala ku Salima kumatentha koopsa, ndipo m'dzinja miyala imaterera, udzu nubisa njira. Nyengo yabwino ndi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti, pamene kunja kumazizira ndipo mphepo ya mwera imaomba kuchokera kumwera.

Chachiwiri ndi kupeza munthu wodziwa njira. Akuluakulu adati, "Safunsa adadya phula." Ku Senga Bay kulinso malo a asilikali, kumene munthu wamba saloledwa kungolowa, choncho mlendo afunse eni dera asadanyamuke. Munthu asakwere phiri yekha, ndipo otsala kunyumba adziwe kumene wapita ndi nthawi imene abwere.

Chachitatu ndi katundu. Pafunika nsapato zogwira bwino phazi, chipewa, ndodo yolimba, kamba monga mbatata yophika, nthochi ndi mtedza, ndiponso madzi akumwa okwanira. Thupi la munthu, gawo lake loposa theka ndi madzi. Pokwera phiri madziwo amatuluka ngati thukuta kuti thupi lizizire, ndipo akapanda kubwezeredwa munthu amamva mutu, chizungulire ndi kufooka.

Tsiku la ulendo

M'mwezi wa Julayi, miyezi isanu ndi iwiri chivulalire, mnyamata ndi amalume ake adanyamuka m'bandakucha, asodzi a usiku akukocheza mabwato awo. Adayamba ndi kuyenda pang'onopang'ono kuti minofu itenthe. Atalowa m'nkhalango njira idasanduka chikweza.

Posakhalitsa mtima wa mnyamata udayamba kugunda kwambiri. Munthu wamkulu akakhala phee, mtima wake umagunda ka 60 mpaka ka 100 pa mphindi imodzi, ndipo wa mwana umafulumirako pang'ono. Pokwera phiri minofu imafuna mpweya wochuluka. Mapapo amaukoka msangamsanga, ndipo mtima umafulumira kupopa magazi onyamula mpweyawo kupita ku miyendo. Zimenezi si matenda. Koma pali njira yapafupi yodziwira ngati mwafulumira mopitirira: ngati simungathe kulankhula ndi mnzanu chifukwa cha befu, chepetsani liwiro. N'chifukwa chake amalume ankamufunsa mnyamata mayina a mitengo ndi mbalame njira yonse. Akayankha modukizadukiza, iwo ankati, "Tikhale pamwala apa."

Ankaponda mapazi afupiafupi, osatambasula miyendo, napuma kanthawi kochepa kawirikawiri ndi kumwa madzi pang'ono asadamve ludzu lalikulu. Adadutsa pathanthwe pamene adabwerera tsiku lija. Mnyamata adaima, napondaponda ndi mwendo wake, koma sadamve chobaya. Anyani adakuwa kumtunda, mbira zidathawira m'ming'alu ya miyala, ndipo amalume adamuonetsa chitedze kuti asachikhudze. Chakumapeto njira idalimba. Ntchafu zidatentha, thukuta lidatsikira m'maso, ndipo mathanthwe ena adawakwera chokwawa. Dzuwa lisadafike pamutu adatulukira pamwamba.

Kumeneko mwera udawaomba ndi kuumitsa thukuta lawo. Nyanja yonse idali pansi pawo, mabwato akuoneka ngati makoko a mtedza. Pafupi ndi gombe padali kachilumba ka Namalenje. Chakumwera kudali zilumba za Maleri, zimene ndi mbali ya malo otetezedwa a Lake Malawi National Park. Malo amenewa adakhazikitsidwa m'chaka cha 1980 pofuna kuteteza nsomba za m'nyanjayi, ndipo m'chaka cha 1984 bungwe la UNESCO lidawaika m'gulu la malo ofunika pa dziko lonse lapansi. Kutsidya kwa nyanja kudaoneka mapiri a ku Makanjira, m'boma la Mangochi. Nkhwazi idalira ikuzungulira m'munsi mwawo. Mnyamata adafunafuna denga la kwawo mpaka adalipeza, nakumbukira mphasa ija.

Kutsika

"Usasangalale msanga," adatero amalume atatha kudya kamba wawo. "Takwera ndi mtima, koma titsika ndi mawondo."

Ambiri amaganiza kuti kutsika ndi kosavuta, koma ngozi zambiri za kuphiri zimachitika potsika. Pa phazi lililonse thupi lonse limagwera pa mwendo umodzi, ndipo minofu ya m'ntchafu imagwira ntchito ngati mabuleki a njinga. Nthawi imeneyi minofuyo imakhala itatopa kale, ndipo maganizo amakhala ali kunyumba. Choncho wotsika asathamange ndiponso asadumphe kuchoka pamwala kupita pamwala. Apinde mawondo pang'ono, atsogoze ndodo, ndipo ayese mwala uliwonse asadauponde. Pamalo otsika kwambiri, munthu amene adavulala atsogoze mwendo wovulalawo, kuti wamphamvu utsale m'mbuyo ukugwira thupi. Pokwera ndiye atsogoze wamphamvu. Pathanthwe loterera palibe manyazi kukhala pansi ndi kutsika chokhwekhwereza.

Umo ndi mmene adatsikira, amalume patsogolo, mnyamata pambuyo. Pena mwala udagubuduka pansi pa phazi lake, koma ndodo ndi mwendo zidamugwira. Adafika kunyumba dzuwa litapendeka.

M'mawa mwake ntchafu zonse ziwiri zidali kuwawa, ndipo mkuja mwake zidawawa koposa. Kuwawa kotere kumabwera minofu ikagwira ntchito imene sidaizolowere, ndipo kumatha pakapita masiku ochepa. Pamsongolo padalibe chotupa kapena chobaya. Mnyamata adapumula, nadya bwino, nagona mokwanira, pakuti minofu imamangika pa nthawi yopuma.

Inunso tsiku lina mungavulale, kapena mungadwale nthawi yaitali, kapena mungasamale m'bale wanu amene wavulala. Kumbukirani kuti fupa lidalumikizana m'masabata ochepa, koma mwendo udatenga miyezi kuti ufike pamwamba pa phiri. Mnyamata uja akadakana kubwerera tsiku loyamba lija, mwina akadagonanso pamphasa. Akuluakulu sadaname pamene adati, "Pang'onopang'ono ndi mtolo."

Mawu ofunika kuwadziwa

chikhakha: chomangira cholimba chimene achipatala amakutira pa fupa lothyoka
msongolo: kutsogolo kwa mwendo, pakati pa bondo ndi kakolo
katumba: mnofu wa kumbuyo kwa msongolo
kubinya: kupotoka kwa polumikizana mafupa, fupa osathyoka
kamba: chakudya cha paulendo
befu: kupuma mofulumira chifukwa cha kutopa
m'bandakucha: kunja kutatsala pang'ono kucha

Mafunso

1. Kodi Senga Bay ili m'boma liti, ndipo anthu ambiri a kumeneko amagwira ntchito yanji?
2. N'chifukwa chiyani kunyanja kumatentha kuposa ku Lilongwe?
3. Fotokozani mmene fupa lothyoka limapolera.
4. Tchulani zakudya zinayi zothandiza kulimbitsa mafupa.
5. N'chifukwa chiyani mwendo umachepa ukakhala m'chikhakha?
6. Kodi kutopa kumasiyana bwanji ndi ululu wochenjeza?
7. Kodi amalume ankatanthauzanji ponena kuti, "Takwera ndi mtima, koma titsika ndi mawondo"?
8. Mukadakhala inu, kodi mukadavomera kubwerera tsiku loyamba lija? Perekani zifukwa.

Ntchito

1. Khalani phee, ikani zala ziwiri pamkono pafupi ndi chikhatho, ndipo werengani kugunda kwa mtima wanu pa mphindi imodzi. Thamangani kuzungulira bwalo la sukulu kamodzi, muwerengenso. Lembani zimene mwapeza.
2. Lembani ndime imodzi yofotokoza phiri kapena chitunda cha kufupi ndi kwanu, ndi zinthu zimene mungatenge pokakwera.
3. Pezani miyambi ina iwiri yophunzitsa kudekha, ndipo mupange ziganizo pogwiritsa ntchito miyambiyo.